Kompyuta Yakana Nyimbo ya a Mateyo

Mbombwe, Chiradzulu
6 Meyi 2024

Wokondedwa Tikhala,

Ndine malume wako Overtone, kwayamasitala amene ndikakweza dzanja ngakhale nkhuku za anthu zimasiya kulira. Kaya uli bwanji ku Lilongwe kwanuko? Kuno tili bwino. Mayi ako a Idesi ali bwino, akungodandaula bondo lija. Chimanga takolola, mbatata yayamba, ndipo nandolo wanga wachita maluwa mpaka njuchi za ku Mikolongwe zasamukira m'munda mwanga ndi katundu yemwe.

Kalatayi ndalemba pamanja, a Agnes mlembi wa kwaya aijambula ndi foni yawo n'kukutumizira. Yanga ya mabatani ija imangodziwa kulira basi. Ukamayankha uzitumiza kwa iwo, aziwerenga ine ndikumva.

Nkhani ndi iyi. Pa 13 Julayi kuli mpikisano wa makwaya ku Njuli. Chaka chino a komiti abwera ndi lamulo latsopano. Kwaya iliyonse iyimbe nyimbo yakeyake, ndipo ipereke pepala la nyimboyo lotayipa, m'manotsi aja okhala pa mizere isanu ngati mbalame pa waya wa magetsi. Solofa wathu wa do re mi akuti ayi. Majaji adzagwira pepalalo m'manja, ife tikuyimba iwo akulondola ndi pensulo, ndipo mukasiyana ndi pepala lanu mwadzidyera nokha mamalikisi. Mapepala afike kwa iwo pa 21 Juni. Kwaya yopanda pepala siyimba.

Ife tiyimba ya agogo ako a Mateyo, "Tabwera ndi Fumbi Kumapazi", yolowera m'tchalitchi ija. Bambo anaipeka mu 1979, ine ndinalandira kwaya m'manja mwawo mu 1996, ndipo zaka twente-eyiti zonsezi sindinasunthe notsi ngakhale imodzi. Funsa aliyense kuchokera pano mpaka Limbe. Nyimboyi sinatulukepo kunja kwa mpingo wathu. Ndikufuna anthu a ku Njuli aimve kamodzi monga anaisiyira mwini wake, adziwe kuti ku Mbombwe kunali munthu.

Akuti iwe kuntchito kwako kosindikiza mapepala umagwira kompyuta ngati wabadwa nayo, komanso umaimba kiyibodi kutchalitchi. Nzeru zimenezo ndi za kuchimuna kwa mayi ako, ndiye kuti zanga. A Agnes ajambulanso pepala la solofa lolemba bambo ndi dzanja lawo, mawu onse anayi, sopulano, alito, tena ndi besi. Liyike pa mizere. Kwa iwe ndi ntchito ya tiyi asanazizire.

Undiuzenso ngati ku Lilongweko matayi ofiira amapezeka. Langa lija mbewa zinachitapo msonkhano.

Ndine malume wako,
Overtone M. Nampinga


Lilongwe
14 Meyi 2024

Okondedwa amalume,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Ine ndili bwino. Amayi muwauze kuti bondolo azipita nalo kuchipatala, asamangolimanga ndi chitenje.

Zolemba za dzanja la agogo ndaziona. Ine sindiwakumbukira, koma amalemba mowongoka ngati mphunzitsi.

Tiyi anazizira kambirimbiri, amalume. Pulogalamu imene ndikugwiritsa ntchito si yojambula manotsi ndi dzanja. Ndimachita kulemba zilembo ngati kalata. Agogo analemba pamwamba kuti do ndi G, ndiye do aliyense ndimalemba g, re ndi a, mi ndi b, kenako kanambala kosonyeza kutalika kwa notsiyo. Ndikamaliza ndimadina batani, iyo n'kusandutsa zilembozo kukhala pepala lokongola ngati la m'buku.

Tsiku loyamba besi yanu inakwera kumwamba. Pulogalamuyi imayika notsi iliyonse pafupi ndi inzake yapitayo, ndiye pamene besi imatsika kwambiri ndimayenera kuikapo kachizindikiro koiuza kuti itsike. Ndinaiwala pamalo awiri. Pofika kumapeto azibambo a besi anali pamwamba pa sopulano, manotsi atapachikika pa timizere ngati makwerero. Ndinakonza. Tsiku lachiwiri mawu a nyimbo anasuntha, chifukwa pamene mumakoka liwu limodzi pa manotsi awiri sindinamange manotsiwo pamodzi. Ndakonzanso.

Tsopano zili bwino. Mizere yoimirira ya pa solofa ija imagawa nyimbo m'zipinda, ndipo chipinda chilichonse cha agogo chili ndi mabiti anayi, ndiye kuti dzanja limagunda kanayi. Pulogalamuyi imawerenga yokha chipinda ndi chipinda, ndipo ikapeza zosakwana imadandaula. Pa nyimbo ya agogo sinadandaule paliponse.

Ndatumiza kwa a Agnes pepalalo, komanso kanyimbo kamene kompyuta yayimba yokha potsata pepalalo. Mawu ake ndi ngati kiyibodi yotchipa, musaseke. Mumvetsere, mukavomera a Agnes akasindikize ku Njuli.

Tayi lofiira ndaliona, ndidzapatsira wina wobwera kumudzi.

Mwana wanu,
Tikhala


Mbombwe
20 Meyi 2024

Tikhala,

Moni wa kwaya yonse, anthu fote, kuphatikizapo atatu amene amangotsegula pakamwa. Uli bwanji? Kuno chiperoni chayamba, m'mawa phiri la Chiradzulu silikuoneka, ngati wina wabwereka.

Pepala lako ndi lokongola zedi. A Agnes atalikulitsa pa foni, amayi a alito anapempha kuti alione kawiri. Ine ndinaliyang'ana ngati ndikuwerenga, ndikugwedeza mutu, anthu n'kumati amalume ako ndi ophunzira. Usawauze.

Koma kompyuta yako ndiye ayi. Loweruka tinaiyika pa mpando pansi pa mtengo wa mbawa, tonse titazungulira. Inayamba bwino, ine mpaka ndinati mwana wa mchemwali wanga ndi woopsa. Kufika pa "Ambuye tilandireni" inathamanga ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya ndiwo pamoto. Tinayesa kuyimba nayo limodzi. Ife tili pa "ndi" iyo yapita kale, yatseka chitseko, yagona. Tinayesa kanayi, kanayi konse inatisiya pamalo omwewo.

Ndiye wadumphitsa kanthu pamenepo, mwana iwe. Si mlandu, ngakhale ine ndinalakwitsapo kamodzi mu 1988. Kapena kompyutayo ndi ya ku Lilongwe, yazolowera kuthamangira minibasi. Uiuze kuti kuno ku Chiradzulu Ambuye sitiwathamangitsa.

Kuti usavutike, dzulo Lamulungu a Agnes anatijambula mawu tikulowa m'tchalitchi. Imva mmene imayimbidwira nyimbo ya agogo ako ndi anthu odya mbatata. Besi yamphamvu imene ikugwedeza malata ndi ine. Konza pepalalo lifanane ndi zimenezo, utitumizire sabata ino.

Malume wako amene salakwa,
Overtone


Lilongwe
27 Meyi 2024

Okondedwa amalume,

Ndili bwino, ndikhulupirira inunso. Mwayimba mokoma, ndinamvetsera mpaka kulakalaka kumudzi.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna nditsimikize ndisanalembe izi. Poyamba ndinkaganiza kuti ndalakwitsa ndine. Ndinafananitsa zilembo zanga ndi pepala la agogo notsi ndi notsi, katatu. Palibe chimene ndinadumpha.

Kenako ndinachita zimene munanena. Ndinasintha kuti zifanane ndi mmene mwayimbira, ndinatalikitsa "ndi" wa "tilandireni". Nditadina batani pulogalamu inadandaula kuti chipinda cha naini sichikukwana bwino, mabiti achuluka. Pepala linatuluka, koma kuchokera pamenepo mizere yonse yoimirira inagwera pamalo olakwika mpaka kumapeto, ngati malaya omangidwa batani lolakwika.

Ndiye ndinazimitsa kompyuta, ndinatenga foni, n'kumawerenga ndi chala patebulo. Ndinabwereza mwina ka twente, mpaka abwana anga anafunsa ngati ndikuitana mphaka. Amalume, zipinda zonse mumayimba mabiti anayi. Chipinda cha naini chokha mumayimba asanu. Pa pepala la agogo "ndi" ali ndi biti imodzi, inu mumamupatsa awiri. Mumatero mavesi onse atatu, anthu onse pamodzi, mosaphonya.

Sindikunena kuti wina walakwa. Ndikungonena kuti pepala la agogo ndi kwaya yanu zikusiyana biti imodzi, ndipo majaji a pensulo aja adzaiona. Mwina pali pepala lina limene agogo analemba pambuyo pake? Mufunse amayi. Mundiuze chochita, masiku akutha.

Mwana wanu,
Tikhala


Lilongwe
6 Juni 2024

Amalume,

Papita masiku teni osamva kanthu. A Agnes akungondiyankha kuti kalata anakuwerengerani. Ngati ndinalemba mwachipongwe mundikhululukire, sichinali cholinga changa. Ine ndine mwana, nyimboyi inu mwakhala nayo ine ndisanabadwe. Koma pa 21 ndi pafupi, ndipo sindingatumize pepala limene simunalivomere. Ngakhale mzere umodzi wokha, lembani.

Tikhala


Mbombwe
9 Juni 2024

Mwana wanga Tikhala,

Ndine mayi ako. Tili bwino. Bondo likadali lomwelo, kuchipatala ndipita nandolo akapsa.

Usiye kupepesa. Malume ako sanakukwiyire. Anakwiya masiku awiri okha, ndipo amene anavutika ndi mbuzi zake. Tsiku lachitatu anabwera kwathu ndi pepala la agogo ako, anayala mkeka, n'kuyamba kuika nyemba pa biti iliyonse. Anapeza zinayi. Anasintha nyembazo n'kutenga chimanga, anapezanso zinayi. Pepala lina kulibe, ndinamuuza.

Kuchokera pamenepo wakhala akusaka wolakwa. Anayamba ndi ife a alito, akuti timakonda kukoka mawu ngati tikuitana ana kudambo. Kenako a besi. Kenako anati ndi anthu obwera ndi ukwati ochokera ku mipingo ina. Masana aliwonse akumatisonkhanitsa pabwalo la mpira kuti tiyimbe mabiti anayi. Zikukanika. Ena akudula, ena akukoka, ndipo iye mwini dzanja lake likumaima m'mwamba pamalo omwewo. Nyimbo imene tinkayimba ngakhale tili ndi chimfine, pano ikumveka ngati msika wa ku Njuli.

Lero bondo linakana kuyenda pamzere, ndiye ndinakhala m'tchalitchi pa benchi ya kukhomo, n'kumaonerera kwaya ikubwera. Nthawi zambiri ndimakhala pakati pa mzere, ndimangoona nsana wa mnzanga. Lero ndaona zonse.

Ukudziwa kuti timayambira pa mtengo wa mbawa pamene pamapachikidwa belu. Malume ako amayenda chambuyo, nkhope kwa ife, akumenya biti ndi dzanja. Kuchokera pa mtengo kufika pakhomo ndi mapazi ake sikisitini. Chidendene chake chimagunda sitepe ya pakhomo ndendende pa "tilandireni". Sitepeyo ndi yaitali, iye ndi wamfupi, ndipo sakuiona chifukwa ili kumbuyo kwake. Ndiye amaifufuza ndi phazi, n'kukweza mwendo, dzanja lili m'mwamba. Anthu fote timadikira dzanja limenelo kuti litsike. Biti yako yachisanu ndi imeneyo.

Sitepeyo kale kunalibe. Inamangidwa mu 1997 madzi a mvula atalowa m'tchalitchi, pamene anakweza pansi. Agogo ako analemba nyimbo yawo pakhomo pali fulati. Tinazolowera pa vesi yoyamba, mavesi enawo anangotengera.

Titaweruka ndinamuitanira pambali n'kumuuza. Anati ndikunama. Anthu atapita anabwerera ku mtengo, anayenda chambuyo akuyimba yekha, katatu. Kachitatu sanalowe, anangokhala pa sitepepo. Ndinamusiya pomwepo.

Umulembere, koma usamuseke. Kuseka ndiseka ine.

Mayi ako,
Idesi


Mbombwe
12 Juni 2024

Tikhala,

Moni. Ndili moyo. Uli bwanji iwe ndi kompyuta yako ya ufiti?

Mayi ako akuuza kale, ndikudziwa, chifukwa akhala akuyenda mudzi wonse ndi bondo lomwe amati silikuyenda. Ndi zoona. Wolakwa ndamupeza, ndimagona naye, ndimamuveka nsapato m'mawa uliwonse. Mu Malawi muno ndine ndekha munthu amene mwendo wake unapeka nyimbo. Ena amapeka ndi mutu.

Ndikuseka, koma sizikundikomera. Bambo anandipatsa kwaya miyendo yawo itafooka. Anandipatsa pepala lija m'manja, pamaso pa mpingo. Ine ndayenda zaka twente-eyiti ndikuuza anthu pamaliro, paukwati, pa sitolo, pa kabaza, kuti nyimbo ya a Mateyo ili monga anaisiyira. Pomwe chaka chimodzi chokha nditailandira ndinali nditaipinda kale. Ana onse amene anakulira mu kwaya imeneyi ndawaphunzitsa chinthu chimene bambo sanalembe.

Ndiye tumiza pepala loyamba lija la mabiti anayi. Ku Njuli sindingapite ndi dzina la bambo pamwamba, pansi pali mwendo wanga. Kwaya ndaiuza kuti tili ndi mwezi wathunthu, tiphunzira. Dzulo tinayesa ka fifitini, zinatheka kamodzi, ndipo kamodziko n'chifukwa choti theka la anthu linali litatopa osayimba. Zikakanika sitipita, ndipo kwaya ndipereka kwa wina wa miyendo yaitali.

Malume wako,
Overtone


Lilongwe
14 Juni 2024

Okondedwa amalume,

Ndakondwa kuti mwalemba. Ndili bwino.

Mapepala ndakonza awiri. Loyamba ndi la agogo, mabiti anayi, monga mwanenera. Lachiwiri ndi la mmene mumayimbira. Ndinafufuza m'malangizo a pulogalamuyi ndipo ndinapeza kuti vuto silinali biti yachisanu, koma kuti sindinaiuze. Ndinalemba mzere umodzi pamwamba pa chipinda cha naini wonena kuti chipinda ichi chokha chili ndi mabiti asanu, ndi mzere wina pambuyo pake wobwezera ku anayi. Nditadina batani sinadandaule konse. Pa pepala pangotuluka tinambala tiwiri, 5 pamwamba 4 pansi, ndipo mizere yonse yabwerera m'malo mwake. Zimenezi n'zololedwa, opeka nyimbo amachita. Jaji sangakudyereni mamalikisi pa chinthu chimene chalembedwa.

Sindikukusankhirani. Ndingonena ngati woimba kiyibodi kuti chimene anthu ayimba zaka zonsezi sichichoka m'mwezi umodzi, ndipo pa mpikisano munthu akachita mantha amabwerera ku chimene anazolowera. Mukatenga la anayi n'kuyimba asanu, nyimbo ya agogo idzamveka ngati yolakwika pamaso pa anthu.

Onse awiri ali pa foni ya a Agnes. Pofika Lachiwiri akhale atasindikiza limodzi. Za kupereka kwaya kwa wina sindinamve, foni inadula pamenepo.

Mwana wanu,
Tikhala


Mbombwe
17 Juni 2024

Tikhala mwana wa mchemwali wanga,

Moni wambiri. Ndadzuka bwino kuposa anthu onse m'boma la Chiradzulu. Iwe wadzuka bwanji?

Dzulo titaweruka ndinapita kwa mayi ako kukawauza kuti ku Njuli sitipita. Loweruka tinayesanso ndipo amayi awiri a sopulano anatsala pang'ono kumenyana, wina akuti wadula msanga, wina akuti wakoka. Ndinawapeza mayi ako akusenda chinangwa pakhonde. Ndinawauza zonse, ndinanenanso kuti chimene chikundiwawa n'choti bambo anamwalira osadziwa kuti mwana wawo anawaonongera nyimbo.

Anasiya mpeni. Anandifunsa kuti sitepe inamangidwa liti. Ndinati 1997. Anafunsa kuti bambo anamwalira liti. Ndinati 2000, ndipo ndinawafunsa ngati ayamba kuiwala maliro a bambo awo omwe. Anati amene waiwala ndine. Zaka zitatu zimenezo bambo sanajombe Lamulungu ngakhale limodzi, ndipo poti samatha kuyenda mpaka kutsogolo ankakhala pa benchi ya kukhomo, sitepe ili apa iwo ali apa.

Iwe sunawadziwe agogo ako. Munthu uja tena akatsika pang'ono pokha ankaimitsa kwaya pakati pa mapemphero, abusa ali chiimire. Ine anandibweza kunyumba kawiri chifukwa chopuma pamalo olakwika. Atasiya kwaya sanasiye khalidwe limenelo, Lolemba lililonse ankandiitana n'kundiwerengera zolakwa za dzulo lake ngati mlandu. Koma za "tilandireni" sananenepo, ngakhale kamodzi.

Mayi ako akuti chaka chimene unabadwa iwe sankayimba, ankakhala nawo pa benchipo iwe uli kumsana. Bambo ankamenya biti ndi ndodo yawo pansi. Kwaya ikafika pakhomo ndodo ija inkaima m'mwamba, kudikira, ine ndikaponda m'kati n'kutsika. Tsiku lina mayi ako anaseka poona mmene ndikuvutikira ndi sitepe, n'kuwanong'oneza kuti mwana wanu akuchedwetsa anthu. Akuti bambo sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Musiye akwere. Nyimbo imudikira."

Ndinawafunsa mayi ako kuti bwanji sananene sabata yatha yonseyi, ine ndikuonda. Anati iwo ankayesa kuti ndikudandaula za mpikisano, samadziwa kuti ndikudandaula za bambo. Anatinso kuonda sindinaonde.

Ndinakhala pakhondepo mpaka chinangwa chinapsa, ndinadya, ndinapita kwa a Agnes. Tasindikiza la mabiti asanu, makope atatu, ndipo m'mawa uno ndawapereka ndekha ku Njuli pa kabaza, nditawakulunga mu pulasitiki ziwiri kuopa chiperoni. Mlembi wa komiti anawayang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti sanaonepo pepala lokongola chotero chibadwire.

Masana ano ndauza kwaya kuti iyimbe monga imayimbira. Kamodzi kokha, zinatheka. Amayi a sopulano aja abwerera limodzi akugawana nzimbe.

Malume wako,
Overtone


Mbombwe
15 Julayi 2024

Wokondedwa Tikhala,

Konza makutu. Uli bwanji? Kuno anthu mawu anatha, tikulankhulana ndi manja.

Makwaya analipo leveni. Holo inadzaza mpaka ena anakwera m'mawindo, ndipo ndikuganiza kuti theka anabwera atamva kuti ine ndiliko. Tinayimba achisanu ndi chiwiri. Majaji anali atatu pa tebulo, wamkulu wawo a Vitalis, bambo a imvi ophunzitsa nyimbo, amene akuti chiyambire sanamwetulirepo pa mpikisano.

Kumeneko sitinayende pamzere, tinangoima pa nsanja. Ndinakweza dzanja, holo yonse zii. Ndikuyimbitsa, diso limodzi linali pa pensulo ya a Vitalis. Inkayenda pa pepala, chipinda ndi chipinda. Titayandikira cha naini mtima wanga unagunda mpaka a besi anaumva. Tinafika pa "tilandireni", anthu fote anakoka "ndi" uja ngati munthu mmodzi, pensulo inaima, inadikira, n'kupitirira nafe limodzi. Sinalembe kanthu. Vesi yachiwiri chimodzimodzi. Vesi yachitatu anaiyika pansi pensuloyo n'kupinda manja.

Tinakhala nambala thu. Oyamba anali a kwaya ina ya ku Mikolongwe, ndipo ndinene chilungamo, anali ndi mayunifolomu okongola. Pa pepala la zotsatira zathu analemba kuti tinayimba ndendende monga zalembedwera, koma a tena azitsegula pakamwa. Zimenezo ndakhala ndikunena. Mayi ako analira, akuti ndi fumbi la mu holo.

Tikutuluka, a Vitalis anandiitana. Pepala lako lili m'manja, chala chili pa tinambala tako tiwiri tija. Anati akhala akuweruza makwaya zaka zambiri ndipo nyimbo za m'midzi zokhala ndi chipinda cha mabiti asanu sanazionepo, komanso kuti pamenepo ndi pamene nyimboyi imakoma, chifukwa munthu wopempha kuti alandiridwe sathamanga. Kenako anafunsa kuti nzeru imeneyo inali ya ndani.

Tikhala, ukundidziwa. Anthu anali atazungulira, akwaya anga, a ku Mikolongwe, ogulitsa mandasi, onse makutu ali tcheru. Mwayi ngati umenewo munthu amaupeza kamodzi. Mawu anafika pakhosi, mwendo womwe unayamba kunyerenyetsa. Mayi ako anali pambali akundiyang'ana.

Ndinati, "Ndi ya a Mateyo Nampinga, bambo anga. Anaimva, anaivomera."

A Vitalis analemba dzinalo m'kabuku kawo, n'kupempha kuti kope imodzi apite nayo akaphunzitsire ana awo a sukulu. Ndinawalola.

Ndiye udziwe kuti kuyambira Loweruka malume wako ndi munthu wodzichepetsa kwambiri m'chigawo chonse cha kumwera, ndipo ndikuuza aliyense amene ndakumana naye.

Ndine malume wako,
Overtone M. Nampinga